Kachewere, Masuku ndi Bonongwe: Zomwe Ofufuza a ku Scotland ndi Kwathu Apeza M'dimba

Chaka chilichonse kadzuwa kakayamba kuoneka kuno ku Glasgow, nkhani ya ndiwo imabuka paliponse pomwe Amalawi takumana. Wina akudandaula kuti mpiru wake wachita maluwa asanathyoleko n'kamodzi komwe, wina therere lake lakana kukula, pomwe wina akugawa nkhwani m'majumbo ngati ali pa Lizulu. Ambiri timangoti ndi mwayi, kapena timati uje ali ndi dzanja labwino. Koma zinthu zimenezi zili ndi zifukwa zake, ndipo alipo anthu omwe ntchito yawo ndi kufufuza zifukwazo, ena kuno ku Scotland, ena ku Bvumbwe ndi ku Makoka.

Ine ndine namwino, ulangizi wa zaulimi si ntchito yanga. Chomwe chandikokera m'dimba n'chakuti nkhani ya odwala ambiri omwe timawasamala m'mawodi, a shuga, a mtima ndi othamanga magazi, imakathera pa mbale yomwe amadyera. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba tsiku lililonse. Kuti magalamu amenewo afike pa mbale, pamafunika mbewu yabwino, ndipo mbewu yabwino siimangogwa kumwamba ayi.

Ubale unayambira m'dimba

Tikamakamba za ubale wa Malawi ndi Scotland timathamangira kutchula David Livingstone, tchalitchi ndi sukulu. Timaiwala anthu a khasu. M'gulu lomwe linakayambitsa Blantyre Mission mu 1876 munali mlimi wa m'dimba, John Buchanan, wochokera ku Muthill ku Perthshire. Mu 1878 kunafika mnzake Jonathan Duncan, atanyamula mbande za khofi kuchokera ku Royal Botanic Garden ya ku Edinburgh. Mbiri imati mwa mbande zitatu inapulumuka imodzi yokha, ndipo imeneyo ndiyo inakhala kholo la minda yoyamba ya khofi kumapiri a Shire. Khofi anatchuka mpaka mtengo wake unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda la nthawiyo. Tiyi nayenso anayamba kuyesedwa pa mishoni pomwepo, kenaka mu 1891 Henry Brown anakadzala mbewu yake ku Mulanje.

Chaka chomwecho cha 1891 kunafika Alexander Whyte, yemwe anayambitsa munda woyeserera zomera ku Zomba. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, akatswiri amautchula kuti Widdringtonia whytei potengera dzina la bambo ameneyu. Tisabise, minda ikuluikulu ya khofi ndi tiyi inabwera ndi kulanda malo komanso thangata, ndipo agogo athu ndiwo analawa zowawazo. Komabe njira yomwe mbande zija zinadzera siinatsekeke. Mpaka lero nzeru za mbewu zikuyendabe pakati pa maiko awiriwa.

Chifukwa chiyani mbatata ya kachewere imatopa?

Amene munakulira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Neno mukudziwa dandaulo la alimi lakuti mbewu yatopa. Chaka choyamba mbatata imabereka bwino, pofika chaka chachinayi ndi timbatata tonga mazira a nkhunda. Ofufuza anapeza kuti nthaka si yokhayo yolakwa. Mbatata ya kachewere sitidzala njere, timadzala mbatata yomweyo, choncho matenda onse omwe anali mwa mayi amalowa mwa mwana. Nsabwe za m'masamba zikamayamwa madzi a chomera chodwala n'kukaluma chabwino, zimafalitsa mavairasi. Ena amapiringiza masamba, ena amawachititsa mawangamawanga. Mavairasiwo amatsikira mu mbatata, ndipo mlimi akasunga mbatata zing'onozing'ono kuti ikhale mbewu n'kugulitsa zikuluzikulu, amakhala wasankha zodwala zenizenizo osadziwa.

Apa ndi pomwe Scotland anapezera mwayi. Kuzizira ndi mphepo zomwe ife timadandaula nazo zimachepetsa nsabwezi, n'chifukwa chake mbewu ya mbatata ya kuno imagulidwa m'maiko ambiri. Boma limayendera minda ya mbewu kudzera ku nthambi yake ya SASA ya ku Edinburgh, ndipo mbewu imapatsidwa chiphaso pokhapokha ikapezeka yaukhondo.

Mdani wachiwiri ndi chiwawu, chija chimapsereza masamba mvula ikachuluka. Anthu a kuno amachidziwa bwino kuposa ife. Kuyambira mu 1845 chinawononga mbatata ku Ireland, anthu pafupifupi 1 miliyoni n'kufa ndi njala ndi matenda. Mu 1846 chinafika kumapiri a kumpoto kwa Scotland. Ena mwa omwe anathawa njalayo anadzakhazikika mu Glasgow muno, ndipo zidzukulu zawo ndi anzathu omwe timagwira nawo ntchito. Kachirombo komwe kanachita zimenezo, Phytophthora infestans, ndi komwekonso kamaliritsa mlimi wa ku Bembeke.

Kafukufuku wolimbana ndi chiwawu ali ndi phunziro lokoma. Katswiri wina wa ku Scottish Plant Breeding Station, William Black, anakwatitsa mbatata yodyedwa ndi mbatata yakutchire ya ku Mexico yomwe simagwidwa chiwawu. Mtundu wina womwe unatuluka, Pentland Dell, unayamba kulimidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu akuti vuto latha. Sipanapite zaka zambiri, kachirombo kanasintha n'kuyamba kuugwiranso. Ofufuza anaphunzira kuti chitetezo chodalira chinthu chimodzi sichikhalitsa, ndipo anayamba kufunafuna mitundu yomwe imadwala pang'ono koma osagonja. Ife a chipatala tikuzidziwa zimenezi: ndi momwe malungo anachitira ndi chloroquine mpaka Malawi anamusiya mu 1993. Ku malo omwewo a kafukufuku kunachokeranso mitundu ya mbatata yopangidwira maiko a mu Africa, yokhala ndi dzina loyamba lakuti Roslin, mudzi wa kufupi ndi Edinburgh. Umodzi mwa mitunduyo dzina lake ndi Roslin Bvumbwe. Taonani, midzi iwiri yotalikirana chonchi kukumana pa dzina la mbatata!

Lero ntchitoyi ili m'manja mwa James Hutton Institute, yomwe inakhazikitsidwa mu 2011 ndipo minda yake ili ku Invergowrie pafupi ndi Dundee. Kumeneko amasunga nkhokwe yotchedwa Commonwealth Potato Collection, momwe muli magulu pafupifupi 1,500 a mbatata zakutchire ndi zamakolo za ku America. Wofuna mbatata yopirira matenda kapena kutentha amakasaka m'nkhokwe imeneyi. Kupanga mtundu watsopano kumatenga zaka khumi kapena kuposerapo. Amatenga mungu wa duwa la mtundu wina n'kuika pa duwa la unzake, amafesa njere zikwizikwi, ndipo chaka ndi chaka amataya zosakhoza mpaka patatsala ziwiri kapena zitatu.

Mbatata ya kachewere imadana ndi kutentha. Usiku ukamafunda imangochulutsa masamba osaika pansi, n'chifukwa chake kwathu imalimidwa kumapiri. Akatswiri a ku Invergowrie ndi a University of St Andrews, mogwirizana ndi International Potato Center ndi nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zaulimi ku Malawi, anachita ntchito yotchedwa Quikgro yofuna mbatata yokhwima msanga, yopirira kutentha ndi matenda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 boma la Malawi linavomereza mitundu isanu yoyesedwa pa ntchitoyi: Chikoka, Chitute, Khutula, Phindu ndi Tinyadile. Inadzaonjezera pa ina monga Thandizo, Zikomo ndi Chuma yomwe inatulutsidwa mu 2011.

Kwa m'bale wanu yemwe sangapeze mbewu yatsopano, ilipo njira yosalira ndalama. Mbatata ikatsala pang'ono kuchita maluwa, ayende m'munda n'kuzika kamtengo pa phando lililonse looneka lathanzi. Abwerenso patapita masabata angapo n'kuzula kamtengo pomwe chomera chayamba kudwala. Pokolola ayambe wakumba mapando a timitengo, ndipo mbewu ichokere pamenepo basi. Atayesa njirayi ndi alimi a ku Kenya, zokolola zinakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukamaimba foni kumudzi, nkhani ngati imeneyi ndi mphatso yoposa mayunitsi.

Mbatata yofiira mkati

Iyi ndiyo nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ngati namwino. Mwana wosowa vitamini A saona bwino kukada, ndipo chikuku kapena kutsegula m'mimba zikamupeza zimamugwetsa msanga. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 alionse ku Malawi anali operewera vitaminiyu. Mbatata yoyera yomwe tinakula nayo imakhutitsa, koma vitamini A mulibe. Yofiira mkati ili ndi chinthu chomwe chimapezekanso mu karoti ndi mango akupsa, chomwe thupi limachisandutsa vitamini A. Kambatata kamodzi ka magalamu 125 kamakwanira zomwe mwana wamng'ono amafuna pa tsiku.

Vuto linali lakuti mitundu yoyamba yochokera kunja inali yamadzimadzi, pomwe Mmalawi amafuna mbatata yaufa yomwera tiyi. Ku Bvumbwe Research Station m'boma la Thyolo, akatswiri motsogozedwa ndi Dr Felistus Chipungu anagwira ntchito yosankha mitundu yofiira koma youma bwino, ndipo alimi ndi amayi ophika ankalawa n'kupereka maganizo awo. Poyamba kunali Zondeni, kenaka mu 2011 kunatuluka Anaakwanire, Kadyaubwerere, Mathuthu, Kaphulira ndi Chipika. Maina okhawo akukuuzani kuti anthu ake ankadziwa omwe akuwapangira. Mu 2016 mphoto ya World Food Prize inapita kwa Maria Andrade, Robert Mwanga, Jan Low ndi Howarth Bouis chifukwa cha ntchito yolemeretsa mbewu ndi michere, ndipo atatu oyambawo anailandira chifukwa cha mbatata yomweyi.

Pofika 2015 ndi 2016, kafukufuku wina anapeza kuti ana operewera vitamini A anatsika kufika pa 4 mwa 100. Mbatata yokha singatenge ulemu wonse, poti panalinso timakapisozi ta kusikelo komanso vitamini wothiridwa mu shuga ndi mafuta ophikira. Koma mbatata ili ndi ubwino umodzi: mayi akakhala ndi mbewu kuseri kwa nyumba, sadikira galimoto ya boma.

Kuweta msuku

Ndani wa ife saakumbuka masuku a pamsewu wa ku Dedza kapena ku Zomba mvula ikamayamba? Mitengo imeneyi palibe ankaidzala, ndipo makala ndi minda yatsopano zikuimaliza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a bungwe la ICRAF pa Makoka Research Station ku Zomba anayamba kufufuza momwe zipatso zakutchire zingalimidwire ngati mango. Atafunsa anthu m'midzi kuti chipatso chomwe amachikonda koposa n'chiti, masuku anatsogola, motsatidwa ndi zina monga maula ndi mateme.

Anapeza zinthu zitatu zomwe zinkalepheretsa anthu. Choyamba, njere ya suku siichedwa kufa. Ikauma kwa masabata ochepa siimeranso, ndiye imafunika kufesa ikangochoka m'kamwa. Chachiwiri, misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo ukadzala njere sungadziwe kuti wadzala uti mpaka patapita zaka zoposa khumi. Chachitatu, mizu ya msuku imakhala pa ubale ndi bowa wa m'nthaka yemwe amaithandiza kuyamwa chakudya, choncho mbande zimakula bwino zikathiridwa dothi lotapa pansi pa misuku ikuluikulu. Paja bowa wambiri timamuzula m'nkhalango za misuku ndi mitondo, si mwangozi ayi.

Yankho la vuto lachiwiri linali kumezanitsa. Anthu a m'midzi, makamaka ana ndi amayi omwe amadziwa mtengo uliwonse wa masuku otsekemera, ankalozera akatswiri mitengo yabwino. Kanthambi ka mtengo woterowo kakamezanitsidwa pa mbande, mtengo umabereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo zipatso zake zimakoma ngati za mayi wake. Ndi nzeru yomweyo yomwe a ku Invergowrie anagwiritsa ntchito posankha ndi kukonza zipatso za kuno: rasipiberi wa Glen Ample, mitundu ya blackcurrant ya maina oyamba ndi Ben yomwe imalowa mu Ribena, ndi tayberry yemwe Derek Jennings anatulutsa mu 1979 n'kumutcha dzina la mtsinje wa Tay. Chipatso chilichonse cha mu shopu chinali chakutchire tsiku lina.

Maluwa a pawindo

Ku maluwa nakonso tili ndi gawo. M'mashopu a zomera mumagulitsidwa duwa la m'nyumba lotchedwa Streptocarpus kapena Cape primrose. Ambiri ogulitsidwawo makolo awo ndi a ku South Africa, koma abale awo amamera m'mapanga ndi m'matanthwe a chinyontho a ku Mulanje, Zomba ndi Nyika. Olive Hilliard ndi B. L. Burtt wa ku Royal Botanic Garden ya ku Edinburgh analemba buku lalikulu la maluwa amenewa mu 1971, ndipo mtundu wina anautcha milanjianus potengera phiri la Mulanje. Mitundu ina ili ndi tsamba limodzi lokha lomwe limakula moyo wake wonse, chinthu chomwe akatswiri a ku Edinburgh akhala akuchifufuza kwa zaka zambiri. Pa Nyika pokha pali mitundu ya ma orchid yoposa 200, ndipo ina mwa iyo ndi yomwe timachubu take timapangira chikanda kumpoto kwa Malawi ndi ku Zambia, moti kukumba kwambiri kwayamba kuiopseza. Tsiku lina kukazizira, tengani ana mupite nawo ku Glasgow Botanic Gardens ku West End. Kulowa n'kwaulere, ndipo m'nyumba zagalasi, kuphatikizapo Kibble Palace yomwe yakhala pamalopo kuyambira 1873, mukamva kafungo ka dothi lofunda ngati kwathu.

Nanga ndiwo zathu kuno?

Tsopano tibwerere ku mpiru uja. Mu 1920 akatswiri awiri a ku America, Garner ndi Allard, pofufuza fodya anapeza kuti zomera zambiri zimadziwa nthawi yochita maluwa poyeza kutalika kwa usana ndi usiku. Kwathu usana umasintha pang'ono, pakati pa maola 11 ndi 13. Ku Glasgow mu June kumawala maola oposa 17, mu December maola 7 okha. Mpiru ndi chomera chomwe usana ukatalika chimathamangira maluwa. Mukafesa mu May, pofika June wakhwima kale. Fesani kumapeto kwa July kapena mu August, usana ukuyamba kufupika, mudzathyola mpaka chisanu.

Bonongwe ndi wosiyana. Mitundu yambiri imadikira usana ufupike kuti ichite maluwa, choncho chilimwe cha kuno chimamupatsa mpata wochulutsa masamba. Chomwe amafuna ndi kufunda. Mufese m'nyumba pawindo mu April kapena May, n'kumutulutsa kumayambiriro kwa June chisanu chitatheratu; mu greenhouse amachita bwino koposa. Mbewu yake imagulitsidwa kuno pa dzina lakuti callaloo kapena amaranth. Maungu nawonso ayambire m'nyumba. Ngakhale dzungu lisakhwime, nkhwani mudya ndithu. Nyemba za kuno zimapatsa khwanya wabwinobwino. Therere lobala ndi mbatata ya kholowa zimafuna miyezi yambiri yotentha yomwe Glasgow alibe, ndiye panja musadzivutitse nazo. M'malo mwa repu dzalani kale, ndiwo yamakolo ya anthu a kuno, yomwe imapirira chisanu mpaka kumakoma chikaiwomba.

Bungwe la Garden Organic la kufupi ndi Coventry linayamba mu 2010 ntchito yotchedwa Sowing New Seeds, yotolera mbewu zomwe anthu ochokera ku Jamaica, India, Bangladesh ndi maiko ena akhala akulima m'ma allotment a ku England. Anapeza kuti mbewu yomwe munthu wakhala akusunga yekha kuno kwa zaka zambiri imachita bwino kuposa yongobwera kumene, chifukwa chaka chilichonse amasunga njere za chomera chomwe chapirira nyengo ya kuno. Agogo a ku Jamaica aja ankachita kafukufuku osadziwa. Ifenso tingathe: bonongwe amene wakula bwino pakhomo panu musiyeni abereke, njere zake mugawireko anzanu.

Zina ziwiri zoti musamale. Glasgow unali mzinda wa mafakitale, ndipo dothi la malo ena lili ndi mtovu ndi zitsulo zina zoipa m'thupi, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Ngati simukudziwa mbiri ya malo anu, limani m'mabokosi kapena m'zidebe ndi dothi logula. Ndipo nkhono za kuno zilibe chisoni, zimatha kumaliza mbande zonse usiku umodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kuno n'kutuluka ndi tochi madzulo.

Pophika, soda kapena chidulo chimafewetsa masamba koma chimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Madzi achepe, moto usatalike, ndipo kutendera kapena kadontho ka mafuta kumathandiza thupi kuyamwa vitamini A. Amene mukumwa warfarin musasiye masamba, koma muzidya muyezo wofanana sabata ndi sabata, ndipo mukafuna kusintha kadyedwe muuzeni namwino wa ku kiliniki yanu, chifukwa vitamini K wa m'masamba amasintha mphamvu ya mankhwalawo.

Za m'sutikesi

Ndimalize ndi pempho. Tikamachokera kumudzi, mtima umafuna kulongedza chilichonse. Dziwani kuti malamulo a dziko lino saloleza kulowetsa mbatata ya kachewere kapena dothi kuchokera kwathu, ndipo zomera ndi mbewu zodzala zimafuna chiphaso cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda. Si nkhanza chabe. Matenda ofotetsa mbatata ndi tomato omwe ali m'minda yambiri kwathu amakhala m'dothi ndi m'madzi kwa nthawi yaitali, ndipo atalowa m'minda ya mbewu ya kuno angaphe ulimi wa mabanja ambiri. Ifenso tinalawa zoterezi: matenda a chisaka, omwe anaoneka koyamba ku Nkhotakota m'ma 1990, anayenda ndi mphukira za nthochi zomwe anthu ankapatsana mwachikondi, mpaka anafafaniza nthochi za ku Thyolo, dziko n'kuyamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique.

Choncho mbewu tigule kuno, tisunge zathu, tigawane. Ndipo potumiza thandizo kumudzi nyengo yodzala, tiziwafunsa abale kuti mbewu aitenga kuti, ndipo ngati alangizi a m'dera lawo ali ndi mitundu yatsopano ija. Amene muli ndi njere za bonongwe, luni kapena chisoso zomwe zazolowera kale nyengo ya Scotland, bwerani nazo pa msonkhano wathu wotsatira, muzilembe dzina ndi chaka pa envelopu.